Amene Ankadzutsa Amayi ku Shelta

Amene munagonekedwapo m'chipatala ndi mwana mukudziwa kuti usiku wa kumeneko sufanana ndi wa kumudzi. Tulo timabwera ndithu, koma khutu limodzi siligona. Zimene ndikuuzenizi zinachitikira mayi wina dzina lake Delifa Chagunda, pa chipatala china cha mishoni chimene sinditchula dzina, chaka chimene malungo anavuta kwambiri.

Delifa anali telala pa kamsika ka kwawo, mayi wa ana atatu, ndipo anthu ankamudziwa ndi zinthu ziwiri: kusoka madiresi a ukwati ndi kufunsa mafunso. Munthu akabwera ndi nsalu ankachoka atafotokoza kumene anaigula, amene anamuperekeza ndiponso chimene anadya panjira. Amuna ake ankati akanapitiriza sukulu bwenzi ali wapolisi.

Mu Januwale, mvula ili pakati, mwana wake wamng'ono, Lonjezo, mtsikana wa zaka zisanu, anatentha thupi masiku awiri, tsiku lachitatu n'kusiya kuyankhula. Ku chipatala chaching'ono anangomubaya jakisoni n'kuwalembera kalata yopita ku mishoni. Bambo anatsala ndi ana enawo komanso munda wosapalira. Delifa anabereka mwana n'kukwera njinga yamoto atanyamula mkeka, kapoto, kapu ndi kachikwama ka singano ndi ulusi kamene sankasiyana nako.

Anapeza wodi ya ana itadzaza, ana atatu pa bedi limodzi, ena pansi. Chifukwa cha kuthithikanako, akuluakulu a chipatala anali atalamula kuti ikakwana naini koloko usiku mu wodi muzitsala amayi oyamwitsa okha. Ena onse azikagona ku shelta, ndipo mwana akavuta anamwino azituma mlonda kukaitana mayi ake. Lonjezo anamuika dilipi. Naini itakwana Delifa anachonderera kuti agone ngakhale pansi pa bedi, koma sizinatheke, ndipo anatuluka akucheukacheuka.

Sheltayo inali nyumba yaitali ya chipinda chimodzi, kuseri kwa chipatala, kupitirira pochapira ndi mitengo ya bulugamu. Kanjira ka njerwa n'kamene kankailumikiza ndi wodi. M'kati munali simenti yong'ambika, babu limodzi ndi mikeka yoyalidwa mondondozana. Amene ankayendetsa zinthu mmenemo anali aNangondo, mayi wamtali wosakonda kuseka, amene anzake ankangowatchula kuti atcheya. Mwana wawo Chifuniro, wa zaka zisanu ndi zinayi, anali ndi vuto la impso, ndipo anali atatha miyezi itatu pa chipatalapo.

ANangondo anamulozera Delifa poyala n'kumuuza malamulo: osaphikira m'kati, osayanika zovala pa mawindo, osayala mkeka pa kamalo ka pafupi ndi chitseko. Kenako anatsitsa mawu.

"Ndipo wina akakugwirani phazi usiku, musafunse. Dzukani, thamangani ku wodi."

Delifa anafunsa ngati wogwira phaziyo anali mlonda. ANangondo anati mlonda ndi a Zuze, ndipo a Zuze ndi mwamuna, salowa mogona amayi, amangogogoda pa windo. Delifa anati nanga ndani. ANangondo anangomufunsa ngati wadya.

Usiku umenewo tulo sitinabwere. Pogona anali atawerenga anzake, monga mwa chizolowezi chake, n'kupeza kuti onse pamodzi analipo khumi ndi anayi. Babu litazimitsidwa, kutsokomola ndi kutembenuka kutatha, anamva mkeka ukuyalidwa cha kuchitseko, pamalo oletsedwa paja. Unayalidwa pang'onopang'ono, ngati woyalayo sankafuna kusokoneza anzake. Kenako munthu anakhala pansi n'kuusa moyo ngati amene wachokera kutali wapansi. Kafungo ka palafini kanadutsa m'chipindamo, konga ka koloboyi wongozimitsidwa kumene, pamene mmenemo munalibe amene anali ndi koloboyi.

Chitseko chinali chisanatsegulidwe. Delifa anayatsa tochi ya foni n'kuwunika. Panali simenti yokha.

"Zimitsani, amake Lonjezo," anatero aNangondo mu mdima. "Anzanu agone."

Kutacha anapeza kuti kapu yake yasowa. Anali ataiika kumutu, pafupi ndi kapoto. Anafunsa mmodzimmodzi, ndipo chimene chinamudabwitsa n'chakuti palibe amene anakhumudwa ndi funsolo, monga anthu amachitira akamaganiziridwa kuba. Ankangomuuza kuti aipeza. Anaipezadi ku wodi, pa bedi lina la pakona, pafupi ndi kamtsikana kamene agogo ake anali atapita kumudzi kukatenga ufa. Kamtsikanako kanati usiku kanamva ludzu, ndiye amayi ena anabwera n'kukamwetsa madzi. Delifa anafunsa kuti amayiwo anali otani. Kamwanako kanaganiza n'kunena kuti anali onyowa.

Pochapira, amayi anamuuza kuti zimenezo n'zachizolowezi. Wina anati supuni yake inasowa kawiri. Wina anati chitenje cha atcheya chinapezeka chitafunditsidwa mwana amene mayi ake anali atagonekedwanso ku wodi ya amayi. Chilichonse chosowa chinkapezeka, ndipo chinkapezeka pa mwana amene analibe womuyang'anira usiku umenewo. Delifa atafunsa kuti nanga amatenga zinthuzo ndani, nkhani inasintha, anayamba kukambirana za mtengo wa makala.

Usiku wachiwiri anaona yekha. Mtsikana wina wa ku mapiri amene ankagona pafupi naye anadzidzimuka pakati pa usiku, n'kukoka mwendo, n'kunena kuti, "Ee, ndamva." Anamanga chitenje n'kutuluka liwiro. Panapita nthawi yokwanira kuwiritsa madzi a tiyi, kenako a Zuze anagogoda pa windo kuitana mtsikana yemweyo. ANangondo anawayankha kuti wapita kale. A Zuze anangoti chabwino, osadabwa n'komwe, ndipo nsapato zawo zinamveka zikubwerera.

Mantha analipo, koma mwa Delifa chidwi chinali chachikulu kuposa mantha. Masana ankakhala pambali pa Lonjezo, amene anali chigonere, maso otseka, milomo youma. Ankamupukuta ndi kansalu konyowa, akumuyankhula ngakhale sankayankha. Kuganizira za wodzutsa uja kunkamupumuza pang'ono ku nkhawa ya mwana. Anauza aNangondo kuti safunsa anadya phula. ANangondo anayankha kuti wofunsitsa nayenso ali ndi zake zimene amadya.

Usiku wachitatu, anzake atagona, Delifa anatulutsa ulusi wakuda m'kachikwama kake. Anaumanga kuchokera pa msomali wa pafupi ndi chitseko mpaka pa chitsulo cha windo, m'munsi ndithu, molekeza mu akakolo, kuti aliyense wochokera pa kamalo kaja kupita kumene amayi agona audule. Anadikira mpaka maso analemera. M'mawa anapeza ulusi wonse utakulungidwa bwinobwino pa kamtengo ka machesi, utaikidwa pamwamba pa kachikwama kake. Sunaduke paliponse. Mfundo zimene iye anamanga zinali zitamasulidwa imodziimodzi, ndipo Delifa, pokhala telala, anadziwa kuti kumasula mfundo za ulusi wakuda mu mdima si ntchito ya zala wamba. Anachita manyazi ngati mwana wogwidwa akusuzumira m'chipinda cha akulu, ndipo sanauze munthu.

Usiku wachinayi kunagwa chimvula, ndipo kutopa kunamugonjetsa, anagona tulo tofa nato. Chimene chinamudzutsa chinali dzanja pa phazi lake lamanzere. Linali lozizira ngati mwala wa pamtsinje, koma linamugwira mofatsa, n'kumugwedeza kawiri.

"Amake Lonjezo. Ku wodi."

Mawuwo anali a mayi, otsika, osasa pang'ono. Mafunso onse amene Delifa anasunga anathawa. Anadzuka n'kuthamanga opanda nsapato, mvula ikumumenya kumaso. Anapeza anamwino awiri atazungulira bedi, Lonjezo akugwedezeka thupi lonse, maso atatembenuka. Namwino wamkulu anacheuka n'kumufunsa amene wamuuza, poti iye anali asanatume munthu. Sanadikire yankho. Anamuuza kuti agwire mwanayo cham'mbali pamene iwo ankabwezeretsa dilipi imene inazuka. Adokotala atabwera anati magazi a mwanayo achepa kwambiri, ndipo osungidwa anali atatha. Anayeza magazi a Delifa n'kupeza kuti akugwirizana ndi a mwanayo. Mmene tambala woyamba ankalira, magazi a mayi anali akulowa mwa mwana.

Dzuwa litakwera, Lonjezo anatsegula maso n'kupempha nthochi. Delifa anatuluka panja kukalira kuseri kwa thanki ya madzi.

Kuyambira tsiku limenelo, akamva mkeka uja ukuyalidwa sankayatsanso foni. Ankangoti chamumtima, mwafika. Kapu yake ankaitsuka n'kuiika poonekera. Koma funso silinamuchoke, linangosintha. Poyamba ankafuna kudziwa kuti n'chiyani. Tsopano ankafuna kudziwa kuti ndi mayi wa ndani.

Patapita masiku atatu, ku shelta kunabwera mayi wina wosamva ndi wosayankhula. Mchimwene wake anamusiya ndi kalata n'kubwerera kumudzi. Mwana wake wamwamuna, Sitefano, anali ndi chibayo, ndipo anamuika pa mpweya. Amayi anayesetsa kumulongosolera malamulo ndi manja. Za kuphika ndi kuyanika anazimva, za kamalo ka pachitseko anazimvanso, koma za phazi zinakanika. ANangondo anamugwira phazi n'kuloza ku wodi, iye n'kuseka poganiza kuti akumufunsa ngati wayenda wapansi.

Usiku womwewo Delifa anamvanso dzanja lozizira lija. Anaganiza za Lonjezo, koma mawuwo anafulumira.

"Si wanu, amake Lonjezo, wanu wagona. Ndi wa anzathu achilendowa. Ndawagwira kawiri, akungobisa mapazi. Sakundimva. Ndithandizeni."

Delifa anatsegula maso. Kumapazi kwake kunali chinthu chakuda kuposa mdima, chamsinkhu wa munthu wogwada. Anamva madzi akudontha kuchokera ku nsalu, dontho limodzilimodzi pa simenti. Sanayang'anitsitse. Anakwawira kwa mayi wachilendoyo n'kumupeza atadzipinda, atafunda kumutu, akunjenjemera. Anamuvundukula, n'kudziwunika kumaso ndi foni kuti amuzindikire, kenako anapinda manja ngati wonyamula mwana n'kuloza ku wodi. Mayiyo anadzuka nthawi yomweyo.

Pa kanjira ka njerwa, Delifa anamva mapazi a munthu wachitatu patsogolo pawo, akuponda m'zithaphwi. Mmene ankafika pa khonde la wodi, mapaziwo anapatukira kumbali ngati munthu wopereka njira. M'katimo anapeza Sitefano atazula kachubu ka mpweya, akumenya aliyense womuyandikira, milomo itayamba kuda. Ataona amayi ake anasiya. Mayiyo anamuyankhula ndi zala, mwachangu, n'kumugwira pachifuwa, ndipo mwanayo analola kuti amubwezeretse kachubuko.

Delifa anasuzumira Lonjezo, n'kumupeza ali m'tulo, ndipo anabwerera yekha. Mvula inali itasanduka yowaza. Atayandikira shelta anaona munthu atakhala pa khonde, pafupi ndi chitseko, atafunda chitenje kumutu, nkhope italoza ku wodi. Kuwala kwa babu la pochapira kunkalekeza pafupi ndi mapazi ake. Delifa anafuna kubwerera, koma anadziuza kuti munthu amene anakupulumutsira mwana sumudutsa ngati chitsa. Anakhala pansi chapatali pang'ono, n'kuwomba m'manja mwaulemu, n'kuthokoza chifukwa cha Lonjezo.

"Zikomo," anayankha mayiyo, osatembenuka.

Fungo la palafini linali pomwepo. Kenako Delifa anafunsa funso limene amayi a pa shelta amafunsana tsiku lililonse.

"Nanga wanu ali bwanji? Ali pa bedi liti?"

Mayiyo anayankha nkhope ikulozabe ku wodi.

"Anandiuza kuti ndidikire kuno, adzandiitana."

"Anakuuzani liti, amayi?"

"Sanandiitanebe. Ndimapita kukasuzumira, koma mabedi anawasintha. Sindimupeza."

Delifa anafuna kufunsa dzina la mwanayo, koma mphepo inagwedeza mabulugamu, timadontho ta m'masamba n'kumuwaza m'maso. Anapukuta kumaso, ndipo atayang'ananso pa khonde panali iye yekha. Pamene panakhala munthu paja panali ponyowa, pamene khonde lonselo linali louma.

M'mawa anasakasaka a Zuze n'kuwapeza kuseri kwa khitchini akumwa tiyi asanapite kwawo. Anali bambo wokalamba, wa chikhoti chachikulu chong'ambika m'zigongono, ndipo anali atalondera pa chipatalapo zaka zoposa makumi atatu. Delifa anawauza zonse zimene anamva. A Zuze anaika kapu pansi. Poyamba anati iwo ndi mlonda chabe, za mizimu akafunse abusa. Delifa sanachoke. Anangokhala pa njerwa n'kudikira, monga ankadikirira kasitomala wokana kuti diresi lamuthina.

Potsiriza anafotokoza. Anati chaka chimene anayamba ntchito kunabuka chikuku, ndipo wodi inadzaza ngati mmene inadzazira tsopano. Kunabwera mayi wina yekha, wapansi, wochokera kutsidya kwa malire, atabereka kamtsikana dzina lake Jelita, mvula itamunyowetsa njira yonse. Nthawi imeneyo ku shelta kunalibe magetsi. Mayiyo anayala pachitseko penipeni kuti akaitanidwa asalumphe anzake. Usiku wachitatu mwanayo anayamba kubanika, ndipo namwino anatuma a Zuze kuti akaitane amake. Asanatuluke n'komwe pa khonde, namwinoyo anawaitananso n'kuwauza kuti mwana watsirizika, koma apitebe.

"Ndinali mnyamata," anatero a Zuze. "Ndinali ndisanauzepo munthu za maliro. Ndinafika pa windo, ndinamva akuimba kanyimbo kogonetsa mwana, motsitsa. Dzanja linakana kugogoda. Ndinati apume, ndimuuza kukacha."

Kutacha, amayi anzake anamupeza atauma pa mkeka wake. Zinaoneka kuti nayenso ankadwala koma ankabisa, poopa kuti amugoneka kwina n'kumulekanitsa ndi mwana. Abale sanapezeke, ndipo a mishoni anaika awiriwo. A Zuze anati kaya amene amadzutsa anthuyo ndi yemweyo kaya ndi wina, iwo sakudziwa, chifukwa sanamuonepo. Chimene ankadziwa n'chakuti kuyambira chaka chimenecho nthawi zonse akafika pa windo lija amapeza woitanidwayo atadzutsidwa kale. Delifa anafunsa chifukwa chimene sanamuitanire zaka zonsezi. Iwo anati anayesapo kangapo, koma akafika pa windo pakamwa pamauma.

Tsiku lomwelo adokotala ananena kuti Lonjezo atuluka mawa lake. Madzulo, Delifa anapeza aNangondo akukupiza moto pa mbaula, n'kuwafotokozera zimene a Zuze ananena, ndipo anati iye akuganiza zomuitana mayiyo usiku umenewo, poti dzina la mwana analidziwa tsopano. ANangondo anakweza dzanja kuti asalitchule.

"Mukamuitana apita. Akapita, ine adzandidzutsa ndani? Chifuniro amabanika usiku. Kanayi konse ndamupeza ali moyo chifukwa cha mayi ameneyo."

"Koma nayenso ndi mayi, atcheya. Zaka makumi atatu akudikira."

"Inu mawa mukupita kwanu, amake Lonjezo."

Sananene mokalipa, ndipo n'chifukwa chake mawuwo anamulasa kwambiri. Delifa anayang'ana amayi ena amene ankatsuka mbale, mayi wosamva uja akugawira anzake mchere, mtsikana wa ku mapiri akuchapa malaya a mwana wake. Aliyense wa iwo ankagona podalira dzanja lozizira lija.

Usiku wotsirizawo anamva mkeka ukuyalidwa, anamva kuusa moyo kuja. Dzina linali pa lilime, ndipo kawiri konse anatsegula pakamwa. Anaganiza za iye mwini atakhala pa khonde osadziwa ngati Lonjezo ali moyo, usiku umodzi wokha, n'kuona kuti sakanapirira. Anaganizanso za Chifuniro ndi nkhope yake yotupa. Kunja kunayera asanasankhe, ndipo anadziwa kuti kusasankhako kunali kusankha komwe.

M'mawa anakulunga mkeka, n'kubereka Lonjezo ngakhale ankatha kuyenda. ANangondo anamunyamulira kapoto mpaka pa geti. Njinga yamoto italira, anamugwira pa mkono.

"Munati mwanayo dzina lake ndani?"

Delifa anawauza. ANangondo anagwedeza mutu n'kubwerera.

Kumudzi moyo unapitirira. Lonjezo ananenepa, Delifa anabwerera pa makina ake, koma usiku mvula ikamagwa ankadzuka n'kukhala tsonga, akuganiza za munthu wokhala pa khonde lakutali. Chimanga chitayamba kuuma, anatenga Lonjezo kupita naye ku mishoni kuti adokotala akamuonenso monga anauzidwira. Atamaliza anazungulira kuseri. Wodi inali itapepuka, ku shelta kunali amayi asanu ndi mmodzi okha, onse achilendo. Anafunsa za atcheya, ndipo anamuuza kuti sakuwadziwa. Anafunsa ngati usiku kumabwera wogwira phazi, iwo n'kuyang'anana. Mmodzi anati chimene anapeza n'chakuti amagona mosinthana, wina amakhala maso pa khonde kuyang'ana ku wodi mpaka pakati pa usiku, kenako n'kudzutsa mnzake. Anati anamva kuti anayambitsa zimenezo ndi mayi wina wamtali, tsiku limene ankachoka mwezi watha.

Delifa anapeza a Zuze pa geti akubwera ku ntchito. Anamuzindikira, n'kugwira Lonjezo pamutu, kenako anakhala pa benchi n'kumuuza kuti Chifuniro anamwalira kumayambiriro kwa Malichi. ANangondo anadzutsidwa pa nthawi yake, anathamanga, ndipo mwanayo anatsirizikira m'manja mwawo akuwayang'ana. Galimoto yonyamula maliro inali yoti ibwere m'mawa. Cha m'ma thili koloko, a Zuze ali pa mpando wawo, anaona aNangondo ataima patsogolo pawo, maso ofiira koma osalira. ANangondo anati iwo amuona wawo mpaka mapeto, ndipo tsopano akudziwa chimene mnzawoyo anamanidwa. Anawagwira dzanja ngati mwana n'kuwakokera ku shelta.

A Zuze anati atafika pa windo pakamwa panaumanso. ANangondo sanawasiye dzanja. Anaima choncho nthawi yaitali, mpaka a Zuze anakweza dzanja linalo n'kugogoda katatu.

"Amake Jelita. Akukuitanani ku wodi."

M'katimo munali zii. Kenako anamva mkeka ukukulungidwa mofulumira. Chitseko chinatseguka, mphepo yozizira inawadutsa pakati, ndipo pa kanjira ka njerwa panamveka mapazi opanda nsapato akuthamanga. Sanaone munthu. Anangomva mapaziwo akudutsa mabulugamu, akudutsa pochapira, mpaka chitseko cha wodi chinatseguka n'kutsekeka. Namwino amene anali pa ntchito ananena pambuyo pake kuti ana atatu amene ankalira nthawi imeneyo anasiya onse pamodzi, n'kutembenuzira mitu kumapeto kwa wodi, kumene kale kunali mabedi a odwala chikuku.

A Zuze anapukuta m'maso ndi mkono wa chikhoti chawo.

"Zaka makumi atatu, amake Lonjezo," anatero. "Koma anathamanga ngati ndamuitana pa nthawi yake."